Mipata Imene Itzel Anadula

Itzel anamvetseranso tsamba la Tobias, kenako anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo la kukhitchini. Mtima wake sunali m'malo.

Pasukulu yathu ya pulayimale, imene nanenso ndinachokako si kale kwenikweni, Madamu Pelletier amagawa ana a giredi 4 m'magulu a atatuatatu ikafika nyengo ya chipale chofewa, pamene kunja sikuseweredwa bwino. Gulu lililonse limapanga kabuku ka pakompyuta, kokhala ndi zithunzi ndi mawu ojambulidwa, koti akakaonetse kwa tiana ta kalasi ya mkaka. Kabukuko kamakhala kamodzi, koma aliyense wa m'gululo amatha kukatsegula pa laputopu yake, kaya kusukulu kaya kunyumba. Chimene mmodzi wasintha chimasinthika kwa onse.

M'gulu la Itzel munali iyeyo, Tobias, ndi Keon, kamnyamata kosatseka pakamwa. Nkhani yawo inali ya galu amene anakwera basi ya sukulu n'kukana kutsika. Dzina la galuyo anasankha ndi Keon: Bisiketi. Palibe amene anaganiza kuti dzinali lingavutitse munthu. Koma Tobias ndi wachibwibwi, ndipo mawu oyamba ndi "b" ndi amene amamugwira pakhosi kuposa ena onse.

Masamba a Itzel ndi a Keon ankangoyenda myaa. La Tobias linkayamba kuti, "Bi... bi..." kenako zii. Munthu unkaganiza kuti kompyuta yazima. Kenako mawu ankabweranso, motsitsa, "Bisiketi anakhala pampando wa dalaivala." N'kukhalanso zii.

Itzel ankamukonda Tobias. Ndi Tobiasyo amene anajambula galu uja, makutu akugwa, lilime panja, mpaka kalasi yonse inabwera kudzasuzumira. Ndipo Itzel ankawadziwa ana a kalasi ya mkaka. Amaseka chilichonse, ngakhale pensulo ikangogwa pansi.

Mchimwene wake Ramiro, wa kusekondale, analowa n'kutsegula firiji.

"Abwana, bwanji nkhope ngati mwaluma ndimu?"

"Achimwene, tamverani izi."

Ramiro anaika hedifoni imodzi kukhutu, kwinaku akutafuna. "Eee! Basi imeneyi ndiye ifika mawa."

"Musaseke! Ndi mnzanga. Lachisanu tikakaonetsa kwa tiana tija, ndipo tikamuseka. Ine sindikufuna."

"Sindikuseka, iwe. Sendera uko." Anakoka laputopu ija n'kutsegula pamene mawu amaoneka ngati chithunzi. Ramiro amapanga mavidiyo a magemu, ndiye zimenezi amazidziwa. "Ukuona timapiri iti? Amenewa ndi mawu. Nanga mizere yafulatiyi? Apa palibe kanthu. Zinyalala zokhazokha. Ukanikiza kasizasi aka, udula apa ndi apa, ulumikiza. Timapiri tobwerezatu udulenso. Akamadzamva mwiniwake adzaona ngati ndi wowerenga nkhani pa wailesi."

Amayi awo ankavala jekete pakhomo, akuthamangira kuntchito kunyumba yosamalirako okalamba.

"Mwamufunsa mwini tsambalo?"

"Amayi inunso," anatero Ramiro. "Munthu ukamuona ali ndi ulusi pamalaya, umayamba wapempha chilolezo kuti uuchotse?"

"Ulusi wina ukaukoka, malaya onse amasomoka. Itzel, umufunse kaye mnzakoyo. Nyemba zili pachitofu, musazisiye zipserere."

Chitseko chinatsekeka. Itzel anayang'ana sikirini. Kumufunsa Tobias kunali ngati kumuuza pamaso kuti mawu ake ali ndi vuto, ndipo iye sakanatha kunena zimenezo. Kudula kunali kosavuta, kopanda manyazi, ndipo kunkaoneka ngati mphatso. Ndisaname, ndikanakhala ine pa msinkhu umenewo, ndikuona ngati chala changa chikanapitanso pa kasizasi komweko.

Anadula. Mpata uliwonse anauchotsa, "bi" aliyense wobwereza anamuchotsa. Atamaliza, tsamba la Tobias linali lalifupi ngati la anzake. Anasangalala mpaka anavina pang'ono pafupi ndi chitofu.

Mawa lake Madamu Pelletier anati gulu lililonse lionetse kabuku kake pa sikirini yaikulu ya kutsogolo, kuti anzawo anenepo maganizo. Itafika nthawi ya gulu la Itzel, anthu anaseka pamene galu ankalimbana ndi dalaivala. Kenako linabwera tsamba la Tobias.

"Bisiketi anakhala pampando wa dalaivala ana onse anakuwa basi sinayende."

Mawu anali a Tobias, koma ankathamanga ngati akuthawa moto, osapuma n'komwe, olumikizikalumikizika ngati nsalu ya zigamba. Kenako wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ndipo onse anatsatira.

"Tobias wachira!" anakuwa mtsikana wina.

Keon anamumenya paphewa. "Amwene, mwamwa mankhwala anji? Tigawireni, mwina ine angandichepetse pakamwa!"

Itzel anatembenuka akumwetulira, akudikira kuona nkhope yosangalala. Tobias sanali kumwetulira. Makutu ake anali atafiira. Anayang'ana sikirini, anayang'ana Itzel, kenako anatseka laputopu yake pang'onopang'ono n'kuika manja pamwamba pake. Tsiku limenelo sanatulutsenso mawu. Madamu atamufunsa funso la masamu, anangoloza yankho ndi chala. Pa nkhomaliro anakhala kumapeto kwa tebulo, sangweji yake osaitsegula.

Belu lopita kunyumba litalira, ana ali kalikiliki kuvala majombo ndi zipewa, Madamu Pelletier anaitana Itzel.

"Khala apa mwanangu. Basi yako siinafike." Anatembenuza kompyuta yawo. "Tobias wandilembera uthenga. Akuti ndichotse mawu ake m'kabuku konse, tsamba lake uwerenge iweyo. Akuti Lachisanu sapita nanu kwa tiana tija."

"Koma Madamu, zinamveka bwino! Anthu anaomba m'manja!"

"Anaombera ndani?"

Itzel anaweramitsa mutu.

"Sindinakuitanire chilango," anatero Madamu. "Ndikudziwa kuti unachita chifukwa chomukonda. Koma pali chinthu chimene ndikufuna umve." Kompyuta ya aphunzitsi imasunga ndi zakale zomwe, ndiye anatsegula tsamba lija mmene linalili lisanadulidwe. Analoza mzere wafulati. "Apa pali chiyani?"

"Palibe kanthu, Madamu."

"Vala mahedifoni." Anakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Itzel anamva. Mumzere uja munali mpweya. Munthu akuukoka pang'onopang'ono, akuugwira, akuutulutsa mofatsa, ndipo kumapeto kwa mpweyawo mawu ankatuluka okha, osakankhidwa.

"Si chinsinsi kuti Tobias amatuluka m'kalasi muno Lachiwiri lililonse kukaonana ndi aphunzitsi othandiza kalankhulidwe," anatero Madamu. "Zimene akuphunzira kumeneko ndi zomwezi. Mawu akakakamira, asalimbane nawo. Aime, apume, ayambe mofewa. Chaka chatha akanangosiyira panjira n'kugwetsa nkhope. Aka n'koyamba kuti avomere kujambulidwa mawu. Iwe unaona mzere wopanda kanthu. Mmenemo ndi mmene munali ntchito yake yonse."

Misozi inayamba kulengeza m'maso mwa Itzel. "Ndimaopa kuti amuseka."

"N'kutheka akanamuseka. Iyenso amadziwa zimenezo kuposa iwe ndi ine, koma anajambulabe. Ndiye lero wamva chiyani? Wamva kuti anzake amamuombera m'manja akakhala kuti si iyeyo."

"Bwezeretsani, Madamu! Chonde! Mwaona zakalezo zilipo."

"Ndingathe. Ndi batani limodzi lokha. Koma ndikatero ndikhala munthu wachiwiri kusintha tsamba la Tobias osamufunsa." Anamupatsa kapepala kopukutira mphuno. "Vuto lina ndi langa. Ndinakupatsani kabuku koti aliyense angathe kusintha chilichonse, koma sindinakuphunzitseni kugogoda. Mawa ndikonza mbali yangayo. Yako ukonza wekha."

Kunyumba, Ramiro atamva nkhaniyi anapukusa mutu. "Ndiye wakwiya? Koma anthu ena kusayamika! Ife kumukonzera bwinobwino."

"Achimwene, bwanji nditatenga chithunzi chanu, n'kufufuta ziphuphu zonsezo, n'kukaonetsa kalasi yanu yonse osakuuzani? Anzanu n'kumati, 'Ramiro wachira!'"

"Ziphuphu zanga zalowamo bwanji m'nkhaniyi?"

"Tangoyankhani."

Ramiro anagwira tsaya lake. Anatsegula firiji, anaitsekanso osatengamo kanthu, n'kupita kuchipinda kwake.

M'mawa mwake Madamu sanatchule dzina la munthu. Anangoonetsa pa sikirini yaikulu kabokosi ka uthenga kamene kamakhala pambali pa tsamba lililonse, kamene ana ambiri sankakagwiritsa ntchito.

"Kabuku ndi kanu nonse, ngati nyumba imodzi," anatero. "Koma tsamba lililonse ndi chipinda cha munthu. Kompyuta ikulolani kulowa paliponse chifukwa ilibe ulemu. Ulemuwo mubweretse ndinu. Mukaona chinthu patsamba la mnzanu, kaya cholakwika kaya chimene mukuganiza kuti mungachikonze, gogodani apa. Lembani kuti, 'Ndaona chakuti, ukuganiza bwanji?' Kenako dikirani."

"Nanga akapanda kuyankha, Madamu?" anafunsa Keon.

"Ndiye kuti udikirabe."

"Nanga atalemba 'galu' ndi zilembo zolakwika, ine ndikuona ndi maso angawa, mtima ukundiwawa?"

"Keon, iweyo ndi amene ukudandaula za kalembedwe?"

Kalasi inaseka. Tobias yekha sanaseke. Ankajambula timizere pakona ya pepala.

Itzel anakhala moyang'anana naye patebulo limodzi. Anatsegula kabokosi kaja patsamba la Tobias. Analemba, anafufuta. Analembanso zambirimbiri zofotokoza za tiana toseka ndi za mchimwene wake, n'kuona kuti zonsezo zinali zodziikira kumbuyo. Anafufutanso. Pomaliza anatumiza izi:

"Ndine ndinadula mawu ako. Sindinakufunse. Ndinalakwa. Sindigwiranso tsamba lako. Sindikufuna kuliwerenga ine chifukwa ndi lako. Ukufuna tichite chiyani?"

Anaona maso a Tobias akuyenda pa sikirini. Anaona kuti wawerenga. Koma yankho silinabwere tsiku limenelo, ndipo kudikira kumene Madamu ananena kuja kunali kowawa kuposa mmene kunkamvekera.

Lachinayi m'mawa m'kabokosi muja munali uthenga, koma wa Keon.

"Amwene pepaninso za mankhwala zija, ndinayankhula mopusa. Komanso dzina lovutali ndinabweretsa ndine. Bwanji timusinthe galuyu akhale Max? Max savuta."

Itzel anaganiza kuti amenewa ndi maganizo abwino. Anatsala pang'ono kulemba kuti akugwirizana nazo, pamene pansi pa uthengawo panatulukira timadontho tosonyeza kuti wina akulemba. Anakweza maso. Tobias anali ataweramira pa laputopu yake, akumenya mabatani mwamphamvu.

"Ayi. Ndi Bisiketi. Dzina limeneli ndaliyeserera mlungu wonse m'bafa."

Keon anaphulika kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. Uthenga wina unabwera.

"Zakale zija sindikuzifuna. Ndikazimva ndizikumbukira zoomba m'manja. Ndijambulanso. Koma mukhale pomwepo nonse. Ndipo wina asandimalizire mawu."

Madamu anawapatsa kachipinda kakang'ono ka kuseri kwa laibulale, mmene amasungiramo mipando yothyoka. Anagawana ntchito. Keon anaimirira pachitseko kuti wina asalowe. Itzel anagwira laputopu kuti maikolofoni ikhale pafupi. Tobias anakhala pa bokosi, pepala lake lili m'manja.

"Ndikanikize?" anafunsa Itzel.

Tobias anagwedeza mutu.

"Bi..." Anaima. "Bi... bi..."

Dzina lija linali pa lilime la Itzel, lokonzeka, likukankha mano. Anadziluma mlomo. Anayang'ana Tobias m'maso, osati pansi, osati kukhoma. Anaona mapewa ake akukwera, akutsika. Pa sikirini mzere wafulati unkatalika, ndipo ulendo uno Itzel ankadziwa chimene chinali mkati mwake.

"Bisiketi anakhala pampando wa dalaivala."

Mpweya wina. "Ana onse anakuwa."

Mpweya winanso, wautali. Pakati pa mpweya umenewo, Keon, amene fumbi la mipando linali litamulowa m'mphuno, anayetsemula chiyetsemulo choti ngakhale a mu laibulale anachimva.

"Iwe!" anatero Itzel.

"Si ine, ndi mphunoyi! Ndinaiuza kuti idikire!"

Tobias anagwira pamimba. Anaseka mpaka pepala linagwa pansi, ndipo anzakewo anaseka naye. Kenako anatola pepala lija, anapukuta m'maso, anakoka mpweya, ndipo kompyuta ikujambulabe anamaliza: "Ba... basi sinayende."

Anamvetsera onse atatu, mitu itagundana. Pakati pa timapiri ndi mizere panali chiphiri chimodzi chachikulu chosongoka, ndi tina tambirimbiri ta kuseka.

Tobias anaika chala pa sikirini. "Du-dula apa. Chimfine cha Keon. Zinazo ndi zanga."

Itzel anatambasula dzanja, kenako analibweza. Anakankhira laputopu ija kwa Tobias. "Dula wekha. Ndikuonetsa pokanikiza. Uyambe ndi kasizasi ako."

"Mukudula mbali yanga yabwino kwambiri m'buku lonseli," anadandaula Keon. "Anthu inu mulibe chisoni."

Lachisanu tiana ta kalasi ya mkaka tinakhala pakapeti, miyendo yopingasa, mphuno zikuchucha. Tianato tinaseka galu atakwera basi. Tinaseka dalaivala atagwetsa chipewa. Kenako linafika tsamba la Tobias.

"Bi... bi..."

Zii.

Kamtsikana kena kanaseka kuti khikhi. Kamnyamata ka juzi yofiira kanatembenuka kuyang'ana aphunzitsi ake. "Yafa!" kanatero. "Kompyuta yafa!"

Itzel anamva nkhope yake ikutentha. Anayang'ana Tobias. Anali ataimirira pambali pa sikirini, manja kumbuyo, makutu ofiira ngati tsiku lija, koma mutu sanaugwetse.

"Siinafe," anatero Keon monong'ona mokweza. "Dikira, akubwera."

"Bisiketi anakhala pampando wa dalaivala," inatero kompyuta, ndipo tiana tonse tinakuwa chifukwa cha chithunzi cha galu atagwira chiwongolero.

Kabuku katatha, aphunzitsi a kalasiyo anafunsa ngati alipo ali ndi funso. Ka juzi yofiira kaja kanakweza dzanja n'kuloza Tobias.

"Mawu ako amaimaima chifukwa chiyani?"

Aphunzitsiwo anafuna kulowererapo, koma Madamu Pelletier anawagwira pamkono. Itzel naye anali ndi yankho lokonzeka, labwino, loteteza. Analimeza.

Tobias anakoka mpweya. Chipinda chonse chinadikira naye.

"Ndi-ndimakhala ndikupuma," anatero.

"Oo," kanatero kamwanako. Kanaganiza pang'ono, chala chili m'kamwa. "Nanga galuyo anadzatsika?"

"Ayi," anatero Tobias. "Mpaka lero a-adakali momwemo."

Phunziro: Kugwirira ntchito limodzi si kukonza mnzako kuti afanane ndi iwe. Ngakhale chida chikulole kusintha ntchito ya wina, ndipo ngakhale mtima wako uli wabwino, gogoda kaye, funsa, ndipo dikira yankho. Pamene iwe ukuona ngati palibe kanthu, mwina m'pamene mnzako akulimbikira kwambiri.